The Handmaid's Tale: mayi wa m'buku ndi mayi wa pa TV si munthu mmodzi ayi

Anthu ambiri nkhani ya The Handmaid's Tale anaidziwira pa TV, azimayi aja ovala zofiira ndi zipewa zoyera zotchinga nkhope mbali zonse ziwiri, nde ukawauza kuti inayamba ngati buku ena amati aaa basi palibe chowerengera poti taonera kale. Apa mpomwe ine ndimakana. Buku lija ndi sewero lija zikuyambira pamodzi inde, dziko ndi lomwelo, mayina ambiri ndi omwewo, koma zikunena zinthu ziwiri zosiyana ndipo kusiyanako kwagona pa mayi amene akutiuza nkhaniyo. Ndichenjezeretu kuti ndiulula zambiri mpaka kumathero, amene simunaonere kapena kuwerenga mudziwiretu.

Bukuli analemba ndi Margaret Atwood wa ku Canada ndipo linatuluka mu 1985. Anayamba kulilemba mu 1984 ali ku West Berlin, khoma lija logawa mzinda lidakalipo. Lili m'gulu la mabuku aja amati dystopia, okuonetsa dziko lakutsogolo lomwe zinthu zafika poipa, boma likupondereza anthu mpaka kuchipinda. Nkhani yake ndi yoti ku America gulu lina la azibambo lotchedwa Sons of Jacob lapha pulezidenti ndi aphungu a Congress, layimitsa malamulo oyendetsera dziko nkukhazikitsa dziko latsopano dzina lake Gilead. Anthu ambiri asiya kubereka chifukwa cha poizoni wa m'mafakitale, matenda ndi kuwonongeka kwa chilengedwe, ndiye azimayi amene akadali obereka koma boma lawaweruza kuti ndi ochimwa, monga amene anakwatiwa ndi mwamuna wosiya mkazi wake woyamba, akugwidwa nkugawidwa m'nyumba za makomanda kuti akhale adzakazi owaberekera ana. Anatenga nkhani ya pa Genesis 30, paja Rakele atalephera kubereka anapereka mdzakazi wake Biliha kwa Yakobo, nkuisandutsa lamulo la boma. Kamodzi pamwezi pamakhala chomwe amati mwambo, mdzakazi amagonekedwa pakati pa miyendo ya mkazi wa komanda, mkaziyo nkumugwira manja, bamboyo nkugona naye. Nkugwiririra kumene, kungoti amayamba kaye awerenga Baibulo.

Aliyense amadziwika ndi chovala. Akazi a makomanda buluu, adzakazi zofiira, ma Martha ogwira ntchito zapakhomo girini, ma Aunt amene amaphunzitsa ndi kulanga adzakazi bulawuni. Mkazi wamba saloledwa kuwerenga, kukhala ndi ndalama kapena kulembedwa ntchito, moti ngakhale pa mashopu anachotsa zolemba nkuika zithunzi. Dzina nalonso amalandidwa, mdzakazi amaitanidwa potengera dzina la komanda wake, ndiye mayi wathuyu ndi Offred poti ali kwa Fred.

Atwood wakhala akunena kuti anadziikira lamulo loti asaikemo chinthu chomwe anthu sanachitepo kwinakwake padziko. Ndipo zoonadi ukafufuza zimapezeka. Ku Romania mu 1966 boma la Ceaușescu linaletsa kuchotsa mimba pofuna kuti anthu achuluke mokakamiza. Ku Argentina pakati pa 1976 ndi 1983 asilikali ankalanda makanda a azimayi omwe awatsekera nkukapereka ku mabanja ogwirizana ndi boma. Ku Iran pambuyo pa 1979 kavalidwe ka azimayi kanakhala lamulo. Ndiye palinso ma Puritan, Akhristu okhwimitsa malamulo a ku New England ku America, a m'zaka za m'ma 1600, nchifukwa chake nkhaniyi anaiika ku Cambridge, Massachusetts, ndipo khoma lomwe amapachikapo mitembo ya anthu onyongedwa ndi la pa yunivesite ya Harvard.

Sewero la pa TV linayamba mu April 2017 pa Hulu, wotsogolera ntchito yonse anali Bruce Miller, Offred anasewera Elisabeth Moss. Chaka chomwecho linawina mphoto za pa TV zotchedwa Emmy zokwana 8 kuphatikizapo wa sewero labwino koposa, koyamba kuti mphoto imeneyi ipite kwa kampani yoonetsa zinthu pa intaneti. Linatha mu May 2025 patadutsa masizoni 6, maepisodi 66. Tsono gwirani ichi: buku lonse limathera mu sizoni yoyamba, maepisodi 10 okha. Enawo 56 ndi nkhani yopekedwa ndi olemba a pa TV. Atwood ankawalangiza inde, anaonekeranso pang'ono mu episodi yoyamba ngati Aunt amene akumenya Offred khofi, koma ulendo wautali umene June wayenda pa sikirini m'buku la 1985 mulibe.

Ndatchula June eti. Mpomwe payambira nkhani. M'buku mayiyu satiuza dzina lake lenileni mpaka tsamba lomaliza. Owerenga ndi amene anaganizira kuti mwina ndi June chifukwa kumapeto kwa mutu woyamba kuli mayina asanu a azimayi omwe ankanong'onezana usiku, anayi enawo timadzakumana nawo, June yekha ayi. Atwood anati sichinali cholinga chake koma owerenga ali ndi ufulu kutero. Mwana wake wamkazi nayenso m'buku alibe dzina. Pa TV episodi yoyamba isanathe watiuza kale kuti iye ndi June, mwamuna wake ndi Luke, mwana ndi Hannah, ndipo kuti apulumuka basi. Kuyambira pamenepo tili ndi munthu wina.

Offred wa m'buku si ngwazi. Ndi mayi wamba amene ankagwira ntchito mu laibulale, ndipo zomwe amachita nzazing'onozing'ono zomvetsa chisoni. Pa chakudya chake amabisa kachidutswa ka batala mu nsapato, usiku nkumadzola kunkhope poti mafuta odzola kwa adzakazi ndi oletsedwa, ndipo amafotokoza kuti kudzolako nkudzikumbutsa kuti mwina tsiku lina wina adzamukhudzanso mwachikondi. Amawerenga mawu amodzi okha opetedwa pa kapilo ka m'chipinda mwake kambirimbiri chifukwa ndi chokhacho chowerenga chomwe anamupatsa. Komanda akamuitanira ku ofesi yake usiku kuti akasewere Scrabble, iye amamva kukoma kogwira zilembo m'manja ngati munthu wanjala wapatsidwa chakudya, ndipo amavomera kuti ankasangalala nako ngakhale bamboyo ndi yemweyo womugwiririra. Ndiye mnzake Ofglen amene ali mu gulu lachinsinsi lolimbana ndi boma la Mayday akumupempha kuti aziunguza mu ofesi ya komanda awabweretsere uthenga, iye sachita. Wayamba kugona ndi Nick dalaivala wa pakhomopo, wapeza kampumulo, safunanso kuthawa, ndipo iye mwini akutiuza kuti zimenezi zimamuchititsa manyazi.

Kwa ine apa mpamene bukuli limaopsa zenizeni. Silikukuuza kuti ukanakhala iweyo ukanamenya nkhondo. Likukuuza kuti mwina ukanazolowera, ukanayang'ana pansi podutsa pa khoma la mitembo, ukanakondwa kuti wonyongedwayo si mwamuna wako. Ngakhale Moira, mnzake wolimba mtima uja amene anamanga Aunt nkuthawa atavala zovala zake, tikadzamuona komaliza ali ku Jezebel's, nyumba ya uhule ya makomanda, atatopa, atagonja, akunena kuti kumeneko nkwabwinoko kusiyana ndi ku Colonies komwe anthu amakafera akukolopa poizoni. Offred sanadzamuonenso. Basi zathera pomwepo.

China chomwe buku limachita ndipo kamera singathe ndi kusadziwa. Offred sakudziwa kuti Luke ali kuti, ndiye amasunga nkhani zitatu m'mutu nthawi imodzi, kuti anafera m'tchire tsiku lomwe anagwidwa, kuti ali m'ndende, kuti anawoloka malire ndipo tsiku lina uthenga udzafika, ndipo amakhulupirira zonse zitatu chifukwa sangasankhe. Usiku woyamba ndi Nick amaufotokoza, kenako nkuti ayi sizinachitike choncho, nkufotokozanso mwina. Ukuwerenga munthu amene kukumbukira kwake kwasweka ndipo akuyesa kulumikiza. Pa TV kamera ikajambula chinthu ndiye kuti chachitika. Episodi 7 ya sizoni yoyamba yonse ndi ya Luke, tikumuona akuomberedwa, akupulumuka, akufika ku Toronto. Mtima wa woonera umakhala pansi, koma ululu uja wa mkazi amene sakudziwa ngati ali wamasiye kapena ayi wachoka kwa ife, ndipo kwa June yemwe unachoka kale poti uthenga woti Luke ali moyo umamufika kumapeto kwa episodi 6.

Sindikunena kuti olemba a pa TV analakwitsa posadziwa ntchito. Ntchito yawo ndi ina. Buku lingathe kukhala m'mutu mwa munthu amene wangokhala pabedi akuyang'ana kudenga masamba ambirimbiri ndipo iwe nkumawerengabe, koma sikirini imafuna wina achite kanthu, episodi iliyonse ithe ndi chinthu chokukokera ku inzake, sizoni ithe ndi chinthu chopangitsa kampani kuika ndalama pa ina. Kuwonjezera apo nthawi yomwe linatulukira inali yotentha. Analiyamba Donald Trump asanawine chisankho cha 2016, koma linafika kwa anthu patangopita miyezi itatu chilumbirireni iye komanso chichitikireni zionetsero zazikulu zija za azimayi mu January 2017. Zovala zofiira zija zinalowa mumsewu, ku Texas mu 2017, ku Argentina ndi ku Ireland mu 2018 pa mikangano ya malamulo a kuchotsa mimba. Anthu ovala zimenezo pa zionetsero sankafuna mayi wobisa batala mu nsapato, ankafuna womenya nkhondo, ndipo sewero linawapatsa.

Kumapeto kwa sizoni yoyamba adzakazi alamulidwa kuponya miyala mdzakazi mnzawo Janine mpaka afe, June akugwetsa mwala wake pansi anzake onse nkutsatira. Zimenezi m'buku mulibe. M'buku muli zosiyana nazo kwenikweni, adzakazi apatsidwa mwamuna woti ndi wogwiririra kuti amukhadzule ndi manja ndipo amamukhadzuladi, Offred nkumva njala pambuyo pake nkumadzidabwa yekha. Sewero linasunga chithunzi chimenechi mu episodi yoyamba koma linafunika kuti pomaliza liwapatse chigonjetso. Sizoni yachitatu June akutulutsa ana 86 mu Gilead pa ndege kupita ku Canada. Sizoni yachinayi iye ndi azimayi anzake akuthamangitsa Fred Waterford, komanda wake uja, m'nkhalango usiku nkumupha. Zimakoma kuonera, sindinama, munthu umaimirira pampando.

Koma mtengo wake ndi wakuti Gilead imayamba kuchepa mphamvu. Taonani mmene ena alangidwira. Janine anamukolowola diso chifukwa choyankha mwamwano tsiku loyamba. Emily, amene ndi Ofglen wa pa TV, anamudula kumaliseche chifukwa chokondana ndi mkazi mnzake, wokondedwa wakeyo nkumunyonga iye akuona. Eden, kamtsikana kachichepere, anamumiza mu dziwe losambiramo. Serena weniweniyo mkazi wa komanda anamudula chala chifukwa chowerenga vesi pamaso pa akuluakulu. Nanga June? Wathawa kangapo, wagwidwa, wapha Komanda Winslow ndi manja ake, koma nthawi zonse pamapezeka chifukwa choti asaphedwe, mwina ali ndi pakati, mwina Nick walowererapo, mwina Komanda Lawrence. Kumapeto kwa sizoni yachiwiri galimoto yomuthawitsa yaima pamaso pake, akupereka khanda kwa Emily iye nkubwerera. Chifukwa chake nchomveka, Hannah akadali mkati, mayi aliyense angamvetse, koma woonera amadziwanso pansi pa mtima kuti akanakwera galimoto ija sewero likanathera pomwepo. Dziko lomwe m'buku silipereka mpata ngakhale wotsokomola, pa TV lasanduka dziko lomwe munthu mmodzi wolimba angalivutitse zaka ndi zaka. Ndipo kamera ija yomwe imangomuyandikira Elisabeth Moss pankhope akuyang'ana mokwiya kumapeto kwa episodi, poyamba imalasa mtima, ikafika sizoni yachinayi umayamba kuiyembekezera.

Pali pena pomwe TV inaposa buku ndipo ndiyenera kunena. Serena Joy ndi woyamba. M'buku ndi mayi wachikulire wodwala nyamakazi, woyenda ndi ndodo, amene kale ankaimba nyimbo zauzimu pa TV nkumalalikira kuti malo a mkazi ndi pakhomo. Pa sikirini Yvonne Strahovski ndi wamsinkhu umodzi ndi June, wanzeru, analembapo buku, anathandiza mwamuna wake kukonza ndondomeko ya Gilead, kenako tsiku la msonkhano waukulu amuna aja nkumutsekera kunja kwa chitseko. Kusintha kumeneku kunabereka ubale wovuta kwambiri mu sewero lonse, azimayi awiri amene akanatha kukhala mabwenzi, wina akugwira mnzake manja pamene akugwiriridwa, mawa lake akugwirizana, mkuja akuperekana. Umadana naye Serena kenako umamumvera chisoni kenako amachita chinthu china choipa nkukumbukira kuti ndi amene anamanga nawo ndendeyi. Aunt Lydia wa Ann Dowd nayenso, m'buku loyamba nthawi zambiri ndi mawu olira m'mutu mwa Offred, pa TV ndi munthu wathunthu amene amakhulupirira ndi mtima wonse kuti amawakonda atsikana omwe akuwawotcha ndi ndodo yamagetsi. Atwood mwiniwake anadzamubweretsanso Lydia ngati mmodzi mwa ofotokoza nkhani mu The Testaments, buku lotsatira lomwe linatuluka mu 2019 nkuwina mphoto ya mabuku ya Booker limodzi ndi la Bernardine Evaristo. Komanso moyo wa othawa kwawo ku Canada, munthu wapulumuka koma sakutha kugona, sakutha kusankha chinthu mu shopu, mkwiyo sukutha, zimenezo buku silikanatha kutionetsa poti Offred sanafikeko.

Nkhani ya khungu ndiye ndi yovutirapo. Gilead ya m'buku ndi ya tsankho poyera. Anthu akuda amawatcha ana a Hamu ndipo pa nkhani za pa TV yaboma Offred akumva kuti akuwasamutsira ku North Dakota, Ayuda apatsidwa mwayi wotembenuka kapena kupita ku Israel. Pa sewero anachotsa zonsezo, Moira ndi Samira Wiley, Luke ndi O-T Fagbenle, Hannah ndi mwana wakuda, adzakazi ndi a mitundu yonse. Maganizo a Bruce Miller anali akuti ukatsata buku ndiye kuti upanga sewero la azungu okhaokha, komanso kuti dziko losowa ana lingaike kubereka patsogolo pa khungu. Mbali yoyambayo ndimaimva ndipo ochita sewero amenewa anagwira ntchito yabwino zedi. Yachiwiriyo sindikhutira nayo. Ku America kulanda mayi mwana wake, kumuletsa kuwerenga, kumupatsa dzina la mbuye wake, kumuberetsa mokakamiza, zonsezi zinachitikadi kwa akazi akuda nthawi ya ukapolo. Ndiye kupanga boma lankhanza chonchi pa dothi lomwelo nkulionetsa ngati khungu silikuliona nkomwe, ndi kudumpha chinthu chomwe Atwood sanadumphe.

Chomwe chinatayika chachikulu kwa ine ndi masamba omaliza a buku. Nkhani ya Offred imathera akukwera vani yakuda ya akazitape a boma otchedwa Maso, Nick atamunong'oneza kuti ndi a Mayday apite nawo, ndipo iye sakudziwa ngati akupita kukafa kapena kukapulumuka. Sizoni yoyamba inatheranso pomwepo, chimodzimodzi, kungoti pa TV sizoni yachiwiri imatsegula chitseko cha vani ija nkutionetsa komwe yapita. Buku silitsegula. Ukatembenuza tsamba uli mu chaka cha 2195, pa msonkhano wa akatswiri a mbiri yakale kumpoto kwa Canada, Gilead inagwa kalekale. Pulofesa wina dzina lake Pieixoto akufotokoza kuti zonse tawerengazi sizinalembedwe, ndi mawu ojambulidwa pa makaseti pafupifupi 30 omwe anapezeka mu bokosi lachitsulo ku Bangor, Maine, opanda manambala, ndipo iye ndi mnzake wina wamwamuna ndi amene anawasanja mmene anaonera kuti zikuyenera, mutu wa nkhaniyo nawonso anapereka ndi mnzakeyo. Akuyankhula uku akuseka, akuponya nthabwala zonyoza akazi anthu m'holo nkumaomba m'manja, ndipo akuchenjeza omvera kuti asafulumire kuweruza anthu a ku Gilead poti anali pa mavuto awo. Mayi uja wangotitsegulira mtima wake wonse, bambo uyu akudandaula kuti bwenzi atangotisiyira masamba angapo ochokera mu kompyuta ya komanda.

Sewero linasankha njira ina. Mu episodi yomaliza Boston yamasulidwa ngakhale Hannah akadali ku Gilead, June akubwerera ku bwinja la nyumba ya Waterford, akukwera ku chipinda chake chakale nkuyamba kujambula nkhani yake ndi mawu ake, mwa kufuna kwake, akudziwika dzina. Nkhani ndi yake ndipo ndi iye amene aisanje. M'buku nkhani yomweyo yagwera m'manja mwa azibambo awiri ophunzira amene patapita zaka zonsezo akumusekabe, palibe amene akudziwa ngati anawoloka malire kapena anagwidwanso, ndipo pulofesa uja nthawi yake yambiri waithera pofufuza ngati komandayo anali Waterford kapena Judd.